KU SAPITWA KUMAPITIKA, KOMA MUSAFUNSE MAWONDO

Ife a ku Chigumula phiri la Mulanje timaliona ngati chithunzi cha pa kalendala. Mvula ikagwa n'kutsuka fumbi ndi utsi, limatulukira chakum'mawa uko, mutu wake utabisala m'mitambo. Timangoti "lero kwayera" basi, aliyense n'kubwerera ku geni yake. Tayesani kufunsa pa msika wa Chigumula kapena m'depoti ya Limbe kuti ndani analikwerako phiri limeneli. Mupeza kuti amene anafika ku Joni ndi ambiri kuposa amene anapondako pa Chambe.

Chonsecho anzathu a maiko akutali amasunga ndalama zaka ndi zaka kuti akavutike m'mapiri. Ku Nepal amayenda pansi pafupifupi masabata awiri, kupita ndi kubwera, kuti akangofika pa msasa wa patsinde pa phiri la Everest, umene pachizungu amati base camp. Msasa wokhawo uli pa mamita 5,364, ndipo matenti amawakhoma pamwamba pa madzi oundana a Khumbu. Ku Pakistan, ofuna kukaona phiri la K2 amayenda masiku angapo pa Baltoro, mtsinje wa ayezi wotalika makilomita oposa 60. Mtsinje wotere amautcha glacier. Ndi chipale chofewa chimene chakhala chikuunjikana kwa zaka mazanamazana mpaka kulimba ngati mwala, ndiye chimatsetsereka pang'onopang'ono kwinaku chikusungunuka chakumunsi n'kumabala mitsinje imene anthu amamwa ndi kuthirira mbewu.

Kuno kwathu za glacier iwalani. Mu Africa monse muno ayezi wotere watsala pa mapiri atatu okha, Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori, ndipo bungwe la UNESCO linachenjeza mu 2022 kuti pofika 2050 akhoza kutheratu. Koma base camp tili nayo ndithu. Ndi kanyumba kotchedwa Chisepo, kamene kali patsinde pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ya mamita 3,002. Mwezi wa July chaka cha 2024, ine ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa pulayimale, tinapangana zokagona kumeneko kuti tikaone ndi maso athu chimene azungu amadzafuna.

Minibasi tinakwerera pa siteji ya Chigumula, itadzaza kale kuchokera ku Limbe, koma kondakitala anatipezera malo monga mwa nthawi zonse, thako limodzi pa mpando lina m'malere. Bvumbwe ndi kabichi wake, minda ya tiyi ya Thyolo, Luchenza, Chonde kumene a Mulhako wa Alhomwe amachitira mwambo wawo, kenaka Chitakale. Apo tinagula zinanazi ndi tomato, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto makilomita ngati 10 pa msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula.

Pa Likhubula pali ofesi ya zankhalango pamene munthu amalembetsa dzina ndi masiku amene akakhale m'phiri, ndipo ndi pomwe amapezeka olondolera njira ndi onyamula katundu, mapotala. Mnyamata amene anatipatsa kuti atilondolere anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenaka n'kusuzumira kumbuyo kwathu.

"Achimwene, alendo anuwo ali kuti?"

"Alendo ndife tomwe," anayankha mnzanga.

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Akuti a Malawi amabwera, inde, makamaka ana asukulu ndi magulu a ku mpingo, koma ambiri amathera pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, kusamba, kujambulitsa, kudya mpunga wawo n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Ofuna kukagona m'mwamba masiku anayi ngati ife ndi owerengeka.

Tinakwera njira yotchedwa Skyline. Dzinali linachokera ku chingwe chachitsulo chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pa Chambe, ndiye mudziwiretu kuti njira yotsatira chingwe sikhota mwaulemu. Ndi chikweza chokhachokha, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera patsinde. Ola loyamba tinkacheza za mpira. Ola lachiwiri nkhani zinatha, kunangotsala kupuma wefuwefu ngati galu wa alenje.

Koma abale, taonani madala amene anatinyamulira katundu. Munthu wa zaka ngati 50, atavala mapatapata, chikwama chathu kumsana, thumba la ufa ndi poto pamutu, akukwera ngati akupita kuchigayo. Akatisiya patali ankakhala pa mwala n'kumatidikira, ife tikafika iwo n'kunyamuka. Ine za kuyenda m'mapiri ndawerengako pang'ono, ndipo kulikonse nkhani yake ndi yomweyi: wojambulidwa pa nsonga ndi mlendo, wosenza ndi mwini dziko. Ku Pakistan osenza ndi anthu a mtundu wa Balti, ku Nepal ambiri timawadziwa ndi dzina la Sherpa. Mwayi wake Tenzing Norgay dzina lake linalembedwa limodzi ndi la Edmund Hillary atafika pamwamba pa Everest pa 29 May 1953, koma anzake mazana amene anasenza katundu wa ulendo umenewo ndani amawatchula? Kuno kwathu agogo athu anali amtengatenga, kusenzera azungu machila ndi katundu wa nkhondo. Ntchito ija sinathe ayi, inangosamukira m'phiri. Chosiyana n'choti masiku ano mapotala ali ndi mpikisano wawo wa pachaka, Porters Race, pamene amathamanga makilomita oposa 20 kukwera pa Chambe, kudutsa cha ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula. Opambana amamaliza m'maola osakwana atatu. Ife gawo loyamba lokhalo linatidyera maola anayi ndi theka.

Mukangomaliza chikweza, dziko limatseguka mwadzidzidzi. Pamwamba pa Mulanje si nsonga imodzi monga timaganizira tikamaliona kuchokera ku Blantyre. Ndi dziko lina lathunthu, zigwa za udzu, timitsinje, ndi nsonga zambirimbiri zoima uku ndi uku. Yoyamba kukulonjerani ndi Chambe, ya mamita 2,557, imene mbali yake ya kumadzulo ndi khoma la mwala lotalika pafupifupi mamita 1,700. Akatswiri okwera ndi zingwe amachokera kutali kudzalimbana nalo. Ine ndinangoliyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Nyumba yogona ya pa Chambe ndi yamatabwa, ili ndi malo osonkhapo moto m'kati, ndipo mlonda amakupatsani nkhuni ndi madzi. Chakudya ndi zofunda n'zanu. Chapafupi pali kanyumba kena kotchedwa France's Cottage. Mwini dzinalo, Fred France, anali mzungu wa zankhalango amene anakokoloka ndi madzi kumtunda kwa mtsinje wa Ruo mu 1949, mvula itawatsekereza m'phiri pamodzi ndi mlembi Laurens van der Post, amene anadzalemba nkhaniyi m'buku lake la Venture to the Interior. Munthu wodziwa phiri, wogona m'phiri momwemo, koma madzi sanamuonere nkhope.

Usiku umenewo, titadya nsima ya usipa, ndinafunsa mlonda, bambo wachikulire, kuti mitengo ya mkungudza yotchukayo ili mbali iti, poti chifikire ndinali n'kungoona zitsa.

"Mwanawe, wachedwa," anatero akukankhira chikuni pamoto. "Ukanabwera ine ndili mnyamata ukanaumva ndi mphuno usanauone."

Apa mundilole ndichedwepo pang'ono. Mkungudza wa Mulanje mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'phiri limeneli. Azungu anautcha Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, ndipo Kamuzu anaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko mu 1984. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichiligwira, siliwola msanga, n'chifukwa chake aliyense ankalifuna: omanga nyumba, okhoma maboti kunyanja, osema timabokosi togulitsa alendo. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927, koma lamulo la pa pepala silimva kulira kwa sowo. Akatswiri atawerenga mu 2017 anapeza kuti mitengo ikuluikulu yamoyo yatsala 7 yokha. Osati 7,000 ayi, 7, yosakwana ndi timu ya mpira yomwe. A bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira abzala mbande zikwi mazanamazana, ndipo tinaziona zina, zofika m'chiuno, zina kupitirira mutu. Koma mkungudza si bulugama. Amene akubzala lero sadzaona thabwa lake.

Boma la chipani chimodzi linapita, a matipate abwera n'kumasinthana mipando kuyambira 1994, aliyense ndi tsiku lake lobzala mtengo umodzi atavala suti, makamera ali pheee. Mtengo wa fuko unatha onsewa akuyang'ana. Koma tisathamangire kuloza andale okha. M'mawa mwake tinakumana ndi anyamata akutsika, ena matabwa pamutu, ena matumba a makala, barefuti pa miyala yozizira. Sanatiyankhe moni, ndipo wolondolera wathu anatitsina kuti tisatulutse foni. Makala amenewo sathera ku Mulanje. Amakwera njinga usiku, ndipo mbaula zimene amakathera ndi zathu zomwe za m'tauni.

Kunazizira usiku umenewo, abale inu. Jekete, juzi, bulangete, masokosi awiriawiri, koma mano ali gwedegwede. Kutacha tinapeza udzu wonse uli mbuu ngati wina wawazapo ufa, ndipo madzi amene tinasiya m'beseni panja anali atagwira kachikhungu kolimba pamwamba. Mnzanga anakanyamula ngati galasi n'kunena kuti nayi glacier ya a Malawi, tiijambule isanathe. Pofika 8 koloko inali itasungunuka.

Tsiku lachiwiri ndi la ulendo wa ku Chisepo, maola ngati atatu kapena anayi, kudutsa pa kamtunda kopyapyala kamene amati Knife Edge, phompho uku phompho uko. Tisanafike pamenepo tinadutsa pa dambo lina, ndipo wolondolera anatiuza kuti tiponde pambali pa njira. Nthaka inabonyera ngati matiresi, madzi n'kutuluka m'mbali mwa nsapato. Kumbukirani kuti uyu ndi July, mvula yeniyeni inaleka kalekale.

"Thanki yanu a ku Blantyre ndi imeneyi," anatero.

Mnyamatayu sanapite patali ndi sukulu koma ananena zimene mabuku amazungulira nazo. Kumene kuli glacier, madzi amasungidwa ngati ayezi n'kumatsika pang'onopang'ono chaka chonse. Ife ayezi tilibe. Chimene chimagwira madzi a Mulanje ndi udzu, ndere, madambo ndi nkhalango za m'zigwa. Phirili limakola mitambo yochokera ku nyanja ya mchere ya India, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo zomerazi zimamwa chinyezicho n'kumachitulutsa mwakachetechete. M'menemo ndi mochokera Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo amene amakathira mu Shire ku Chiromo, komanso Phalombe ndi Sombani amene amalowera cha ku nyanja ya Chilwa. Tiyi wa Mulanje amamwa momwemo. Ndipo kuyambira 2019 nafenso tinalowa nawo pa mzere: a Blantyre Water Board, ndi ngongole ya ku India, anayala mapaipi kuchokera pa mtsinje wa Likhubula kukafika ku Nguludi, kuti madzi okwana malita 20 miliyoni patsiku azithandiza mbali ya kum'mawa kwa mzinda. Ntchitoyi isanayambe anthu ena a ku Mulanje anakana kwamtuwagalu, amvekere bzalani kaye mitengo musanatenge madzi. Nthawi imeneyo ambiri m'tauni tinkawaona ngati ovuta. Nditaponda pa dambo lija mawu awo anandimvekera mwina.

Mdani wina ndi moto. Alenje amatentha udzu pofuna nyama, moto n'kulowa m'nkhalango, n'kupsereza ndi mbande zomwe. Nthaka ikakhala pambalambanda madzi sakhalanso, amangothamanga. Kuchokera pa Knife Edge mumaona zipsera zoyera m'mbali mwa mapiri, mmene nthaka ndi miyala zinagumukira nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023. Akuluakulu amati wadutsa Napolo, monga ananenera madzi atasesa Phalombe mu March 1991. Mvula ya Freddy inali yoopsa moti ngakhale nkhalango yathunthu sikanaletsa zonse, koma phiri lometedwa ndi lovala sagumuka mofanana. Ife a ku Blantyre za Chilobwe ndi phiri la Soche sitifunika kuuzidwa.

Chisepo tinafika dzuwa litapendeka. Kanyumba kake kali pa mamita ngati 2,200, kumbuyo kwake miyala ya Sapitwa itaunjikana ngati wina anaikhuthula kuchokera kumwamba. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Madzulo mitambo inadzaza chigwa cha Phalombe pansi pathu, ife tili pamwamba pake ngati tili m'ndege, mpaka mdima unagwa n'kuyamba kuoneka timagetsi ta m'midzi patalipatali.

Pamoto, madala onyamula katundu aja, amene masiku awiri onse sanalankhule mawu opitirira khumi, anatipatsa malamulo. Kumwamba kuja osatukwana. Osaloza chala mwachipongwe. Ukapeza chakudya chokonzakonza pa mwala, nthochi kapena nsima, idya wekha osaitana mnzako, ndipo osatenga chotsala. Ukamva ng'oma kapena wina akukuitana dzina m'nkhungu, usatsatire. Anatikumbutsanso za eni phiri akalekale, anthu aafupi aja a Abathwa, amene ukakumana nawo amafunsa kuti "mwandionera pati?" ndipo wanzeru amayankha kuti ndakuonerani kutali.

Mnzanga, poti ndi mkulu wa mpingo, anayamba kutsutsa. Madala sanakwiye.

"Aphunzitsi, inu pempherani, ife sitiletsa. Koma mawa ndikati tibwerere, tibwerere."

Mukhulupirire mizimu kapena ayi, malamulo amenewa akunena chinthu chimodzi: usapatuke pagulu, usadzimve, mvera wodziwa njira. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anakwera yekha cha ku Sapitwa ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, nyengo n'kusintha. Mtembo wake unapezeka patatha masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Nkhani yake anaipangira filimu mu 2017. Ndipo zikhulupiriro zimene ena timaziseka n'zomwe zinachititsa kuti mu July 2025 UNESCO ilembe phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, poona mmene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekezera ngati mokhala mizimu ya makolo.

Tsiku lachitatu tinanyamuka kusanache bwino, zikwama titasiya pa Chisepo. Kukwera Sapitwa si kuyenda ayi, ndi kukwawa. Poyamba pali matanthwe osalala otsetsereka amene umakwera ndi manja ndi miyendo ngati nyani, kutsatira timizere ta penti yofiira. Kenaka umalowa m'kankhalango ka mitengo yaifupi yopindikapindika, yolendewera ndere ngati ndevu za nkhalamba, mwakachetechete moti umamva mtima wako ukugunda. Kenaka miyala ikuluikulu ngati nyumba, pena kudutsa pansi pake chokwawa pamimba, pena kudumpha mpata umene pansi pake sukuonapo. Kangapo konse timati tafika, wolondolera n'kutiloza nsonga ina kutsogolo. Pamalo ena madala anachita kundikoka dzanja ngati mwana wopita naye ku sikelo.

Mnzanga mutu unayamba kumuwawa chapafupi ndi pamwamba. Ndi mpweya umenewo: munthu ukapitirira mamita 2,500 thupi limayamba kudandaula, chifukwa mpweya umapepuka. Tsono ganizirani kuti base camp ya Everest ili mamita oposa 2,300 pamwamba pa Sapitwa, pamene mpweya umene munthu amakoka ndi theka chabe la umene amakoka ali m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ndipo pamenepo m'pamene ulendo weniweni umayambira. Ndinamuvulira chipewa mayi Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia konkuno, amene mu 2019 anakhala mayi woyamba wachikuda wa mu Africa kufika pamwamba penipeni pa Everest.

Tinafika patatha maola anayi. Pamwamba pa Malawi yense pali kachipilala ka simenti, basi. Palibe mbendera, palibe wogulitsa fanta. Koma maso amadya: nsonga zonse za Mulanje zili pansi pako, uko nyanja ya Chilwa ikunyezimira, uku dziko la Mozambique lili tantha mpaka kumene maso alekezera. Wolondolera anatilozera mbali imene kuli phiri la Chiperone, kumene kunachokera dzina la kamvula kathu ka chiperoni. Ndinayesa kufunafuna Blantyre chakumadzulo, ndinangoona timapiri tating'ono m'chiutsi, osadziwa kuti Bangwe ndi iti, Soche ndi iti.

Sitinakhale mphindi 20. Madala anayang'ana chakum'mwera, kumene kamtambo kena kanali kukwawa m'chigwa, n'kudzuka.

"Tiyeni."

Aphunzitsi sanatsutse. Tisanafike ndi pa matanthwe osalala aja nkhungu inali itatipeza, yoti munthu wa patsogolo pako mamita asanu osamuona, timizere tofiira tija titasowa, miyala itayamba kuterera. Mnyamata uja ankangoyenda ngati ali m'nyumba mwake, akuimba kamluzu kuti tizimutsatira. Tinatsika ambiri mwa malowo chokhala pansi, ndipo buluku langa linafika pa Chisepo lili ndi mawindo awiri kumbuyo.

Tsiku lachinayi linali lotsika lokhalokha, kubwerera pa Chambe n'kutenga njira ya Chapaluka imene imatsata mtsinje. Amene amati kutsika n'kosavuta sanatsikepo Mulanje. Mawondo amanjenjemera ngati a mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Cha m'ma 2 koloko tinayamba kumva nyimbo, ndipo posakhalitsa tinatulukira pa Dziwe la Nkhalamba. Linali Loweruka. Panali gulu la achinyamata ochokera m'tauni ndi sipika yawo, ena akusambira, ena akuwotcha nyama, mabotolo apulasitiki akuyandama m'mbali mwa dziwe. Mtsikana wina anatiyang'ana mmene tinadera n'kufunsa ngati tachokera ku maliro. Titamuuza kuti tachokera ku Sapitwa anati, "Bodza, kumene kuja sikupitika."

Pa Likhubula tinawerengera anthu athu awiri aja ndalama zawo, n'kuwonjezerapo kangachepe ndi ufa umene unatsala. Ndinafunsa madala ngati mawa apumule. Anati ayi, kwabwera alendo anayi ochokera ku Germany ofuna kudutsa phiri lonse mpaka ku Fort Lister, masiku asanu, ndipo anyamuka 6 koloko m'mawa. Anapinda ndalama zija n'kuziika m'thumba la malaya, n'kupita kukafuna womusokera lamba wa patapata amene anaduka potsika.